Emelia ndi Dona wa ku Sovinka

Emelia Jasten anabadwa m'chaka cha 1955 m'komboni ya pulazi ina, famu yaikulu ya fodya, kufupi ndi Macheke, ndipo mpaka lero akukhala pomwepo. Bambo ake, a Jasten, anachoka ku Chiradzulu akadali mnyamata, nakwera lole ya Ulere imene inkatuta anthu ofuna ntchito ku Rodeshiya. Anasonkhezera moto m'mabalani a fodya zaka makumi atatu mpaka chifuwa chinawatenga. Ku Chiradzuluko sanabwerereko, ndipo Emelia sanapondeko phazi. Amangodziwa kuti kuli phiri, ndi kuti azakhali ake ena anakwatiwa kufupi ndi msika.

Mwini pulazi woyamba amene Emelia anamudziwa anali mzungu wamtali dzina lake Tadeo. Sanali Mngelezi, sanalinso Mbunu. Kwawo kunali ku Poland, ndipo anali msilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha sanabwerere kwawo. Anafika ku Macheke kudzayang'anira pulazi ya mzungu wina, kenako anagula yake. Zinthu zitayamba kumuyendera, anaitanitsa mayi ake, nawamangira kanyumba ka zipinda zitatu kuseri kwa nyumba yaikulu.

Mayiwo dzina lawo anali Wanda, koma m'komboni ankawatchula kuti Namchere, chifukwa chilichonse cha m'dimba ankachithira mchere ndi kuchitsekera mu mbiya. Kabichi, minkhaka, ngakhale bowa. Chikawawasa, ndiye ati chapsa. Atsikana antchito sankakhalitsa kwa iwo. Wina anathawa fungo la kabichiyo, wina anathawa pakamwa pawo.

Mu 1970 kapitawo anafika pakhomo pa a Jasten.

"Dona akufuna mtsikana wina. Bwana akuti wanuyu."

"Wanga akupita kusukulu," anatero a Jasten.

"Sukulu ya pano imathera giredi faifi, ndipo iye watsiriza. Mukufuna azikatola mbozi kumunda?"

M'mawa mwake Emelia anasamba, navala diresi la kutchalitchi, napita. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu.

Anapeza mayi wokalamba, woonda, wokhala choongoka pampando ngati wameza ndodo. Dona anamugwira manja, nawatembenuza, nayang'ana zikhadabo pafupi kwambiri ndi maso. Emelia anazindikira pomwepo kuti maso awo akufa. Ankalankhula Chingelezi chothyokathyoka chosakaniza ndi chilapalapa, chinenero cholamulira antchito m'khitchini, ndipo akakwiya zonse ziwirizi zinkathawa, kutsala chinenero cha kwawo. Mawu oyamba a Chipolishi amene Emelia anaphunzira anali akuti "shibuko", ndiye kuti fulumira. Ankawamva kakhumi dzuwa lisanafike pamutu.

Ntchito inali yochapa, kusita, kupesa tsitsi la Dona limene linkafika m'chiuno, ndi kuwasambitsa mapazi m'madzi ofunda. Panalinso yodula kabichi mopyapyala ndi kumukanya ndi zibakera mpaka atuluke madzi. Emelia sanathawe. Sikuti ankawakonda, koma bambo ake anali atayamba kutsokomola, ndipo mwana wogwira ntchito kwa Dona ankapangitsa kuti banja lisachotsedwe m'komboni.

Chaka chachiwiri maso a Dona anazimiratu. Anali ndi buku lalikulu la zithunzi limene ankalisunga m'bokosi pansi pa bedi lawo lachitsulo. Masana, ntchito ikachepa, ankaitana Emelia pakhonde kuti atsekule bukulo.

"Ukuona chiyani?"

"Nyumba yoyera, Dona. Ili ndi nsanamira zinayi kutsogolo. Pali galu."

"Galuyo musiye. Nyumbayo anamanga ndi agogo a mwamuna wanga, yakale itapsa."

Umu ndi mmene Emelia anaphunzirira mbiri ya mudzi wa Sovinka. Iye ankanena zimene akuona, Dona nkumanena za eni ake. Mudziwo, ati, mfumu yaikulu ya dziko inapatsa msilikali wina amene anamenya bwino nkhondo, pamodzi ndi nkhalango, mtsinje, ndi anthu onse okhalamo. Ana ndi adzukulu a msilikaliyo anaugwira mibadwo isanu ndi umodzi. Womaliza analibe mwana wamwamuna, choncho mudzi unapita ndi mwana wamkazi ku banja la mwamuna wake. Awo anamanga tchalitchi cha matabwa ndi chigayo choyendera madzi, nakumba maiwe a nsomba. Atatopa nawo anaugulitsa kwa mlamu wawo, ndipo mlamuyo ndiye kholo la mwamuna wa Dona. A banja limeneli anamanga nyumba ya nsanamira ija ndi fakitale yotcheza kachasu wa mbatatesi.

"Nanga anthu a m'mudzimo ankapita kuti mudzi ukagulitsidwa?" Emelia anafunsa tsiku lina.

"Kupita kuti? Anali a pomwepo. Kalelo ankalima munda wa bwana masiku atatu pa sabata, masiku enawo nkumalima yawo."

Emelia atafotokozera bambo ake, a Jasten anaseka mpaka kutsokomola. "Limenelo ndi thangata, mwanawe. Ndimayesa ndi la ku Chiradzulu kokha. Kani azungu ankachitirananso okhaokha?"

Tsamba lomaliza la bukulo linalibe chithunzi, koma nkhani yake Dona ankaikonda kuposa zonse. Nkhondo ili kumapeto, mwamuna wawo atafa kale, kunabwera anthu a boma latsopano ndi asilikali, atanyamula pepala. Anati minda igawidwa kwa anthu, ndipo Dona achoke tsiku lomwelo, asakhalenso m'boma limenelo. Anakwera ngolo ndi masutikesi awiri. Anthu a m'mudzi, ati, anandanda mumsewu akulira, amayi nkumawapsompsona manja. Akafika pamenepa Dona ankatambasula dzanja lawo m'mwamba pang'ono, nakhala choncho kanthawi.

Emelia anamva nkhani zimenezi kwa zaka khumi ndi chimodzi, mwina sabata iliyonse. Pakati pa zakazo anakwatiwa ndi Gray, woyendetsa thirakitala, nabereka mwana wake woyamba, Darlington. Ankapita naye kuntchito ali kumsana. Dona sanamunyamulepo mwanayo, koma ankamusungira shuga wa mibulu m'thumba la juzi. Nkhondo ya m'tchire yomenyera ufulu wa dzikolo itakula, Tadeo anazinga nyumba ndi waya, natumiza mkazi wake ndi ana ku tawuni. Dona anakana kupita. Anati anathamangitsidwapo kamodzi, ndipo kamodziko nkokwanira.

Dona anamwalira mu 1981, m'nyengo yozizira. Mkazi wa Tadeo ankaopa maliro, choncho amene anasambitsa thupi ndi kuluka tsitsi anali Emelia. Anawaika pa kachitunda ka miyala kumapeto kwa pulazi, pansi pa mitengo ya misasa. Azungu anabwera asanu ndi atatu. Anthu a m'komboni anaima chapatali, ndipo azimayi a mpingo anaimba nyimbo ziwiri za Chichewa chifukwa Tadeo anawapempha. Patapita zaka ziwiri Tadeo anagulitsa pulazi, napita ku Australia. Buku la zithunzi anapita nalo.

Amene anagula anali Mbunu wa ng'ombe zambiri. Iye anagulitsa kwa kampani ya maluwa, ndipo Emelia anagwira ntchito yodula maluwa m'nyumba za pulasitiki mpaka zala zinachita zipsera za minga. Mabwana ankasintha, anthu a m'komboni ali omwewo. Emelia anabereka ana ena atatu. Awiri anamwalira ali aang'ono, natsala Luiza. Chaka chilichonse mvula ikatha, Emelia ankatenga khasu kukalambula manda a ana ake, ndipo pobwerera ankadzera pa kachitunda kukazula udzu pa manda a Dona. Palibe anamutuma. Ankangoona kuti manda a munthu amene unamusambitsa sayenera kumera tchire.

Jambanja, chipwirikiti cholanda mapulazi a azungu, inafika pa pulaziyo mu 2002. Kunabwera anyamata ndi ng'oma, nakhala pa geti masiku anayi, ndipo tsiku lachisanu woyang'anira kampani ananyamuka ndi malole awiri. Masana omwewo anthu anayamba kuzula zitseko, mawindo ndi mapaipi. Ena anali obwera, ena anali a m'komboni momwemo. Kanyumba ka Dona kanali katasanduka mosungira mankhwala a maluwa, koma bedi lachitsulo lija linali likadali pakona, atasanjikapo zigubu.

"Tiyeni tikatenge," Emelia anauza Gray.

"Amayi, zimenezi zitibweretsera milandu."

"Mukachedwa atenga ena. Bedi limenelo ndaliyala zaka khumi ndi chimodzi."

Analinyamula awiriwiri, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona.

Pogawa minda, a m'komboni ambiri sanalandire. Zitupa zawo zinali ndi chilembo chosonyeza kuti ndi alendo. Ena ankawanena kuti mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, nawauza kuti azipita kwawo. Mabanja angapo anapitadi, ena analowera ku migodi ya golide. Emelia ndi Gray anatsala, chifukwa kwina kopita kunalibe. Komboni ndi kachitunda kaja zinagwera m'gawo la VaGwenzi, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Murehwa. Iwo anati anthu akhale m'nyumba zawo, bola azigwira maricho m'munda mwawo, ndiye kuti ganyu wolipidwa ndi chimanga kapena kangachepe. Gray anamwalira m'chaka cha njala cha 2008. Luiza anakwatiwa ku Chitungwiza. Darlington anakhala mmisiri womanga nyumba, namanga yake pafupi ndi ya mayi ake.

Mu Meyi 2023, Emelia ali m'shedi kusankha fodya wa VaGwenzi, Darlington analowa atatuwa ndi simenti.

"Amayi, kwabwera mzungu wamkazi pa galimoto ya hayala. Akufunsa za inu ndi dzina."

"Ndalakwa chiyani?"

"Akuti wachokera ku Poland."

Emelia anapukuta manja pa chitenje, natuluka. Mlendoyo anali mayi wa zaka ngati makumi asanu, wamfupi, wofiira ndi dzuwa, atanyamula chikwama cha mapepala. Dzina lake anati ndi Danuta. Anakhala pa benchi pakhomo pa Emelia, iye akulankhula Chingelezi, Darlington akumasulira pamene mayi ake sanamve.

Danuta anali mphunzitsi wa mbiri yakale pa sukulu ya ku Sovinka, ndipo sukuluyo ili m'nyumba ya nsanamira zinayi ija. Ankalemba kabuku ka mbiri ya mudziwo ndi eni ake. Za onse anazipeza m'mabuku a tchalitchi ndi a boma, koma za mwini womaliza zinathera pa ngolo. Anafufuza mpaka anapeza mwana wamkazi wa Tadeo ku Australia, amene anamulembera kuti agogo ake anaikidwa kufupi ndi Macheke, ndipo amene angadziwe za masiku awo omaliza ndi mtsikana wina dzina lake Emelia, ngati akadali moyo.

"Muwauze kuti mtsikanayo ndi uyu," anatero Emelia, akuloza imvi zake.

Danuta anafunsa ngati Dona ankakambapo za kwawo. Emelia anayamba ndi msilikali uja ndi mfumu, nayenda nawo mibadwo yonse, mwana wamkazi, tchalitchi cha matabwa, maiwe a nsomba, mlamu, moto, fakitale ya kachasu. Maina ankawatchula mopindika monga anawamvera, koma mlendoyo ankawazindikira. Anatulutsa pepala lake, nkumatsatira ndi chala. Pena ankagwedeza mutu, pena ankalemba.

"Zonse zili momwemo," Darlington anamasulira. "Koma akuti mwadumpha mmodzi. Pakati pa mlamu uja ndi amene anamanga nyumba panali wina."

"Ameneyo sindinamumvepo."

"Akuti anthu a m'mudzimo anamupha ndi zida zopunthira tirigu, chaka china cha chipolowe. Nyumba yakale ija sinapse yokha. Anaitentha ndi iwowo."

Emelia anati, "Dona ankangoti inapsa."

Kenako Danuta ananena chimene chinamuyendetsa ulendo wonsewo. Agogo ake aakazi analowa ntchito m'nyumba ya Dona Wanda ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ankawapesa tsitsi ndi kuwasambitsa mapazi.

"Madzi akazizira pang'ono ankatani?" Emelia anafunsa.

Darlington atamasulira, Danuta anakankha mwendo ngati akugubuduza beseni. Emelia anawomba m'manja. Anaumitsa msana, nakweza chibwano, nati ndi mawu a m'mphuno, "Shibuko, shibuko!" Mlendoyo anaseka mpaka anavula magalasi. Anati agogo ake ankawayeserera chimodzimodzi, mpaka ukalamba wawo.

"Muwafunse," anatero Emelia, "ngati nzoona kuti anthu analira tsiku limene Dona ankachoka."

Danuta anati nzoona, ena analira, ndipo agogo ake anali m'gulu la olirawo. Anapsompsonadi dzanja. Koma ngolo itangokhota pa tchalitchi, anthu analowa m'nyumba. Agogo akewo anatuluka ndi mapilo awiri a nthenga ndi wotchi ya pakhoma, ndipo bambo awo analandira maekala angapo a munda wa bwana. Wotchiyo ikadalipo kwa Danuta, ngakhale siyenda.

Emelia anadzuka, nagwira mlendoyo pamkono, namulowetsa m'nyumba. Anakweza bulangeti kuti miyendo ya bedi ioneke, ndi timaluwa tachitsulo ta kumutu.

"Ili ndi lawo. Anafera pomwepa. Ine ndinalitenga tsiku la jambanja."

Danuta anafunsa ngati angajambule. Emelia anati adikire ayale kaye bwino.

Masana anapita ku kachitunda. Chimanga cha VaGwenzi chinali chitafika mpaka m'tsinde mwake, ndipo misasa yambiri inali itadulidwa kukhala nkhuni zowotchera fodya. Mwala wa pamanda unali utasweka pakati, koma dzina linkawerengeka. Chiyambire jambanja Emelia anali asanalambulepo, poopa kuti anthu anganene kuti akudikira azungu. Anazula udzu ndi manja pamene Danuta ankajambula ndi kukopera zolembedwa pamwala. Mlendoyo anayatsa kandulo ya m'botolo lofiira, napemphera mwachidule m'chinenero chake. Anafunsa ngati Dona anavutika pomwalira. Emelia anati ayi, anangosiya kudya, ndipo masiku atatu omaliza sanalankhule Chingelezi ngakhale liwu limodzi, choncho zimene ananena palibe akuzidziwa. Galimoto inanyamuka dzuwa litangopendeka, chifukwa woyendetsa ankafuna kukafika ku Harare kukadali kowala.

Nkhani inafika kwa VaGwenzi tsiku lomwelo, koma inafika itakula. Anamva kuti mzungu wabwera ndi mapepala, wajambula munda, ndipo Emelia ndiye amamulozera malire. M'mawa mwake anaima pakhomo pa shedi.

"Ambuya, mwayamba kuitana eni pulazi?" anafunsa, akumutchula gogo m'chinenero chawo.

"Si mwini pulazi, VaGwenzi. Ndi mphunzitsi ngati inu nomwe. Anadzaona manda."

"Manda amafuna mapepala onse aja?"

Darlington anayesa kufotokoza, koma VaGwenzi anati aona okha kumene nkhaniyi ithere, ndipo kufikira pamenepo Emelia asapondenso m'shedi kapena m'munda mwawo. M'nyumba sanamuchotse. Alimi oyandikana nawo atamva, nawonso anamukaniza maricho. Miyezi isanu ndi iwiri Emelia ankayenda mtunda wa maola awiri kupita kutsidya kwa msewu wa ku Mutare, kumene sankamudziwa, kukakumba mbatatesi. Maondo anatupa. M'komboni ena ankamunena kuti wawaputira mavuto chifukwa cha mzungu wakufa.

Mu Januwale kunafika phukusi kudzera kwa wansembe wa ku Macheke. Munali kabuku kopyapyala ka Chipolishi ndi kalata yaifupi. Chakumapeto kwa kabukuko kunali zithunzi zitatu, cha mwala wosweka, cha bedi, ndi cha Emelia ataima pakhomo pake manja ali kumbuyo. Dzina lake analilemba molakwika pang'ono. Darlington anatenga kabukuko kupita nako kwa VaGwenzi, ndipo awiriwo anakhala pansi pa mtengo wa mango akuwerenga ndi foni yomasulira zinenero, tsamba ndi tsamba. VaGwenzi anafunafuna pamene patchulidwa munda wawo. Anapeza mzere umodzi wokha, wonena kuti mandawo ali pakati pa chimanga cha mlimi wa kumeneko. Kenako anabwerera kumayambiriro, nawerenga za msilikali, za thangata, ndi za kugawidwa kwa minda. Kabukuko anakasunga masabata awiri.

Pobweza anabwera okha.

"Ambuya, fodya wayamba kupsa. Lolemba mubwere."

Sanapepese, ndipo Emelia sanayembekezere kuti apepesa. Lolemba anapita.

Chaka chino Emelia wakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri. Kumunda sapitanso kawirikawiri, koma nthawi yosankha fodya amamuitana, chifukwa amadziwa tsamba labwino pongoligwira. Luiza amaimba foni sabata iliyonse kuti mayi ake asamukire ku Chitungwiza, kumene kuli chipinda chowadikira ndi chipatala chapafupi. Emelia anapitako pa Khirisimasi, nakhala masiku asanu ndi anayi. Anati madzi a kumeneko amanunkha mankhwala ndipo anthu ake salonjerana, nakwera kombi, minibasi ya kumeneko, kubwerera ku Macheke. Wauza Luiza kuti aganizanso bwino fodya wa chaka chino akapita ku msika.